Nkhalamba Yawiranso

Sipanala anayamba kumva fungo asanaone mwini wake. Linali fungo lotsekemera, longa la shuga wopserera, lomwe madzi oziziritsa injini amatulutsa akawira. Atasuzumira kuchokera pansi pa galimoto yomwe ankakonza, anaona chibwenzi chake, mphunzitsi, akulowa pageti la galaja, akukankha njinga yake yamoto, tayi ali kumsana, malaya atamatirira pathupi ndi thukuta. Njingayo inkafuka nthunzi ngati ketulo yoiwalidwa pamoto.

"Mlendo wako wafika," anatero bambo ake ali pampando wawo wa pakhomo. "Anzake njinga zimawanyamula, iye ndi amene amanyamula njinga."

Maso a bambowo anali atayamba kuchita nkhungu, n'chifukwa chake galaja anaisiya m'manja mwa mwana wawo wamkaziyo. Ndi iwo omwe anamupatsa dzina loti Sipanala ali wamng'ono, poona kuti anzake akamakumbatira zidole iye ankagona ndi chitsulo m'manja.

Njingayo anthu ankaitcha Nkhalamba. Inali ya malemu bambo ake a mphunzitsiyo, ndipo iye analumbira kuti sadzaigulitsa ngakhale itatsala mafupa okhaokha. Ndi Nkhalamba yomweyo imene inawakumanitsa miyezi itatu yapitayo. Ulendo woyamba inabwera rediyeta, kathanki koziziritsa madzi a injini, itatsekeka ndi matope. Ulendo wachiwiri labala wa chitsekero anali atang'ambika. Ulendo wachitatu inabwera ilibe vuto lililonse, ndipo mwini wake anachita chibwibwi kwa ola lathunthu asananene chimene anadzera. Kuyambira tsiku limenelo, awiriwo anali pachibwenzi.

Mphunzitsi anaimika njinga n'kutambasula dzanja kuti atsegule chitsekero cha rediyeta. Sipanala anamukwapula ndi kansanza.

"Chotsa dzanja! Ndikuuze kangati? Apa satsegula injini ili yotentha. Ukufuna ana asukulu azikutcha Chipsera?"

"Ndimafuna ndingoona ngati madzi alimo."

"Alimo, ndipo akudikira nkhope yako. Khala apo undiuze. Yayamba kuwira pati?"

"Pamzere wa magalimoto pafupi ndi msika. Ndikamathamanga kamuvi koonetsa kutentha kamakhala pakati. Ndikangoima, kamakwera mpaka pofiira."

"Fani inalira?"

"Fani yake iti?"

Bambo ake a Sipanala anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyu ndi amene akuphunzitsa ana a anthu!"

"Ukamathamanga mphepo imaziziritsa yokha," anatero Sipanala atagwada pambali pa njinga. "Ukaima, ntchitoyo imakhala ya fani. Ikapanda kulira, madzi awira basi." Anatsata waya ndi chala kuchokera pa fani mpaka polumikizira, n'kukoka pang'ono. Wayayo anangothothoka, nsonga yake itabiriwira ndi dzimbiri. "Wakuba woyamba ndi uyu."

Injini itazizira anaiyendera yonse monga mwa chizolowezi chake. Anafinya mapaipi kuti amve ngati ena afewa. Anayang'ana oilo ngati wasanduka ngati tiyi wamkaka, chomwe chikanatanthauza kuti madzi akulowa mkati mwa injini, koma oiloyo anali wakuda bwinobwino. Kenaka anamasula themositati, kachitseko kamene kamatsekulira madzi njira yopita ku rediyeta akatentha, n'kukaponya mu ketulo ya bambo ake.

"Iwe mwana, ketulo yanga ya tiyi!"

"Nditsuka, bambo."

Sipanala ndi mphunzitsi anaweramira ketuloyo, mitu itatsala pang'ono kugundana. Madzi anayamba kulira, kenaka kubwadamuka. Kachitseko kaja kanatseguka pang'ono chabe, n'kuima.

"Katopa," anatero Sipanala. "Tiika kena." Anabwerera pa njinga n'kuloza kabowo kakang'ono pansi pa pampu ya madzi, pomwe panali zoyerayera zouma ngati mchere. "Ndipo tamvera bwino apa. Kabowo aka kakamadontha ndiye kuti labala wa mkati mwa pampu watha. Ndiitanitsa wina, afika Loweruka. Mpaka tsikulo izidontha pang'onopang'ono, usachite mantha. M'mawa uliwonse uziwonjezera madzi ndikupatsewa m'kabotolo ka pambali aka. Chitsekero usachikhudze, ndipo usathiremo china chilichonse."

Atamaliza kumanga zonse, anatenga cholembera chake chachikasu n'kujambula kamzere pa chitsekero, kutsetserekera pakhosi pa rediyeta. Ankatero pa chilichonse chimene wamanga.

Mphunzitsi anali chiimire, akupotokola tayi wake. Sipanala anadziwa kuti pali nkhani.

"Nena."

"Ndinalankhula nawo mayi dzulo."

"Ndiye?"

"Akuti... akuti mkazi wa zikhadabo zakuda sangawapatse madzi akumwa."

Sipanala anayang'ana zikhadabo zakezo. Zinalidi zakuda. "Iwe unawayankha chiyani?"

"Ndinati tikambirana bwino mtima wawo ukatsika."

"Iwe ndi kachitseko ka mu ketulo kaja simusiyana," anatero akumuponyera makiyi. "Madzi afika powira, iwe ukutseguka theka. Pita, ana akukudikira."

*

Mawa lake kunabwera mlendo wina. Anaima kunja kwa geti, atanyamula m'mphepete mwa diresi lake loyera, akuyang'ana madontho a oilo pansi ngati ndi njoka. Anali Dona wa kusaluni, mwana wa mnzawo wapamtima wa mayi ake a mphunzitsi. Mzinda wonse unkadziwa kuti mayiwo anamusankha kale mumtima kuti ndiye mpongozi wawo, ndipo Dona ankalowa m'khitchini mwawo osaodira.

"Ndinu amene amakutchani Sipanala?"

"Ndine. Galimoto yanu ili kuti?"

"Sindinabwerere galimoto, achemwali. Ndabwera ngati mkazi mnzanu." Dona anamwetulira, fungo la mafuta ake likugonjetsa ngakhale la petulo. "Mukudzivutitsa. Banja lija ndi la anthu aulemu. Mayi aja magazi awo amakwera, ndipo chiyambire nkhani yanuyi sakudya bwino. Kodi mukufuna kuti mnyamata uja asankhe pakati pa inu ndi amene anamubereka?"

"Akutumani ndi iwowo, kapena mwadzituma?"

"Ndangomva chisoni. Komanso m'mawa uno ndadutsa kwawo, ndapeza pansi pa njinga pali chithaphwi. Si dzulo lomweli mwaikonza? Anthu ayamba kale kunena kuti mumasiyira dala kabowo kuti azibwerabwera."

Sipanala anapukuta manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Achemwali, inu mukamuluka munthu tsitsi, ine ndimabwera kudzawerenga zingwe?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye za chithaphwi musiyireni amene akudziwa kumene chikuchokera. Ndipo musunthe pang'ono, mwaponda girisi."

Dona anadumpha ngati wapsa, n'kuyang'ana nsapato yake. Panalibe girisi aliyense. Anatsonya n'kutembenuka.

"Tionana, makaniko."

Madzulo dzuwa lisanalowe, Sipanala analemba uthenga: "Dona wako anabwera kudzandiyendera. Mapanga awiri avumbwitsa, aphunzitsi."

Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Phanga langa ndi limodzi, ndipo limanunkha petulo."

Anayesetsa kuti asamwetulire, koma zinakanika.

*

Lachisanu masana foni yake inalira. Nambala inali yachilendo.

"Ndiwe mtsikana wa kugalaja?" Mawuwo anali a munthu wamkulu, akunjenjemera ndi mkwiyo. "Ndine mayi ake a mwana amene wafuna kundiphera lero."

Sipanala anakhala pansi pa tayala. "Mayi, chachitika n'chiyani?"

"Ukufunsa? Njinga yawira pamsewu, madzi amoto amuthovukira pamwendo. Tangochoka kuchipatala. Khungu lonse la pakatumba lasupuka! Ndinanena ine kuti ntchito ya amuna ikagwiridwa ndi mkazi mapeto ake ndi maliro. Usadzapondenso pafupi ndi mwana wanga. Chitsulo chimenechi mawa ndikuitana ogula zakutha adzachitenge, ndipo aliyense amene ndikumane naye ndimuuza za galaja yanuyo."

Foni inaduka. Pasanathe mphindi, uthenga wa mphunzitsi unalowa: "Ndili bwino, bala si lalikulu. Usabwere kaye, mayi akwiya kwambiri. Tidikire zizizire."

Sipanala anawerenga kawiri. Bwanji ngati analakwitsadi? Bwanji ngati tsiku lija, maganizo ali pa zikhadabo zakuda, anaiwala kumanga china chake?

Bambo ake anali atamva zonse. Anamuitana ndi dzanja.

"Mapaipi unamanga?"

"Ndinamanga."

"Mpweya unatulutsa?"

"Ndinatulutsa mpaka thovu linatha."

"Fani?"

"Inalira kawiri ndili pomwepo."

"Chitsekero?"

"Mpaka chinagunda kumapeto. Ndinajambulaponso."

"Ndiye ukulira chiyani?"

"Sindikulira, bambo. Ndi utsi."

"Utsi wake uti, injini zonse zili zozima?" Bambowo anapapasa pansi pa mpando wawo n'kutulutsa kabokosi ka pampu yoyesera kudontha, yomwe sankabwereketsa munthu aliyense. "Zaka makumi atatu ndakhala pano, palibe anandinena kuti ndavulaza munthu. Ngati walakwitsa, ukavomere pamaso pawo. Ngati sunalakwitse, njinga ikakunenera yokha. Chitsulo sichinama."

Sipanala analandira kabokosiko. Kenaka anatenga foni n'kulemba: "Zimene zimadikira kuzizira ndi injini. Ine ndikubwera mawa."

*

Loweruka m'mawa labala wa pampu uja anafika, ndipo Sipanala anamuponya m'bokosi la zida n'kunyamuka. Sanavale diresi. Anavala ovolosi yake ya masiku onse, ya chigamba pabondo.

Pakhonde pa nyumbayo anapeza mphunzitsi atakhala pampando, mwendo womangidwa bandeji uli pa kasitulu. Dona anali pambali pake akumuuluzira ndi nyuzipepala. Nkhalamba inali itatsamira mtengo wa pabwalo, mbali yake imodzi itayera ndi madzi ouma. Mphunzitsi atamuona anafuna kudzuka, koma Dona anamukanikiza paphewa.

Mayi aja anatuluka m'nyumba akumanga mpango kumutu. Anali aatali, owongoka ngati mzati wa magetsi.

"Ulibe makutu?"

"Ndili nawo, mayi, ndipo ndamva zonse zimene munanena. Mwadzuka bwanji?"

"Usandipatse moni pakhomo panga. Tuluka."

"Ndituluka. Koma mwanena kuti ndafuna kupha mwana wanu, ndipo mwatchula galaja ya bambo anga. Mundilole ndiitsegule njingayi inu mukuona. Mukapeza kuti cholakwa ndi changa, sindidzamulankhulanso mwana wanu mpaka kalekale. Ndikulumbira pamaso pa onsewa."

Pamwamba pa mpanda panali patatulukira kale mitu ya anthu oyandikana nawo nyumba. Mayiwo anaiona mituyo, n'kuyang'ana Dona, ndipo Dona anagwedeza mutu msangamsanga kuti akane. Koma lonjezo lija linawakomera kwambiri.

"Mpaka kalekale?"

"Mpaka kalekale."

"Iwe, usalumbire zimenezo!" anakuwa mphunzitsi.

"Khala chete, wodwala," anatero Sipanala osamuyang'ana. "Unali ndi nthawi yako yolankhula."

Mayiwo anakoka mpando n'kukhala, manja atapinda pachifuwa. "Tsegula."

Sipanala anagwada. Anayamba ndi zimene ankaopa kwambiri. Anagwedeza paipi iliyonse. Zonse zinali zolimba, timizere take tachikasu tili m'malo mwake. Waya wa fani anali pomwe anamusiya. Kenaka anakweza maso pa chitsekero, ndipo mpweya umene anaugwira kuyambira dzulo unatuluka wonse.

Kamzere ka pachitsekero kanali kutali ndi kanzake ka pakhosi pa rediyeta.

"Aphunzitsi, chitsekero ichi munatsegula?"

"Ayi. Unandiletsa. Ndimangothira m'kabotolo ka pambali."

"Mayi, tabwerani muone. Timizere tiwiriti ndinatisiya titalumikizana. Wina anatsegula apa, ndipo potseka anangopotokola theka. Chitsekero chikakhala chonchi, madzi akawira amathovukira pamwendo pa woyendetsa."

"Mwina chinamasuka chokha," anatero Dona, mawu atakwera pang'ono.

"Zaka zonsezi sindinaone chitsekero chokhala ndi manja. Koma funso langa ndi lina. Fani ikugwira, themositati ndi yatsopano. N'chiyani chinawiritsa madzi? Ndibwerekeniko beseni."

Panalibe amene anasuntha, mpaka mayi wina wa kuseri kwa mpanda anadutsitsa beseni lake pamwamba. Sipanala analitchera pansi pa injini n'kumasula paipi ya m'munsi. Madzi anayenera kukhuthuka mwamphamvu, koma anangotuluka monyinyirika, akudukizadukiza. Kenaka kunagwa chibuluma choyera, chotsatira chinzake, ndi tizidutswa tachikasu. Fungo linakwera n'kudzaza bwalo lonse. Mphunzitsi anatseka mphuno ndi kolala.

Sipanala anapisa zala ziwiri m'besenimo n'kutola kanthu kopyapyala. Anakakweza m'mwamba kuti dzuwa likawale. Kanali kachidutswa ka chikhokhombe cha dzira.

Onse anasuzumira kuti akaone bwino.

"Nkhalamba yayamba kuikira," anatero bambo wina kumpanda, ndipo mitu yonse inaphulika ndi phwete.

"Ndani wathira dzira mu rediyeta?" anafunsa Sipanala. Sanakweze mawu. "Dzira likapsa limatseka tinjira tonse ta madzi. Injini imangotsala ikudziphika yokha."

Mphunzitsi anatembenukira Dona. Nyuzipepala ija inali itasiya kuuluza.

"Inkadontha!" anatero Dona, misozi ili m'maso. "Mayi amadandaula ndi chithaphwi chija. Kasitomala wanga wina mwamuna wake amayendetsa lole, ndiye anati dzira limamata pobooka. Ine ndimafuna kuthandiza. Anali mazira awiri okha..."

"Atatu," anatero mayi aja asanaganize. Atazindikira chimene anena, anagwira pakamwa.

"Mayi!" Mphunzitsi anaiwala za bala n'kuimirira. "Inunso munali pomwepo?"

"Ndine ndinagwirizira fanulo yothirira," anayankha, chibwano chili m'mwamba. "Ndiye bwanji? Ndikanangoonerera chinthu chikudontha pakhomo panga? Chikanakonzedwa bwino poyamba, ife tikanachikhudza?"

"Kudontha kumeneko ndinamuuza mwana wanu Lachiwiri," anatero Sipanala akutulutsa labala watsopano m'bokosi. "Mankhwala ake ndi awa, afika lero. Mukanamufunsa akanakuuzani. Mukanandifunsa ine, ndikanakufotokozerani mwaulemu. Koma munasankha za woyendetsa lole amene simunamuonepo, chifukwa iye ndi mwamuna."

Sanadikire yankho. Anamasula rediyeta yonse n'kupita nayo pampopi wa pabwalo. Anailowetsa madzi cham'mbuyo, akuigwedeza, mpaka zoyera zonse zinatha ndipo madzi anayamba kutuluka oyera mbee. Anatsegula pampu, n'kuchotsa labala wakale yemwe anangofumbutuka m'manja, n'kuika watsopano. Dzuwa linakwera mpaka pamutu. Dona anazemba osatsanzika. Anthu a kumpanda ena anapita, ena anabwera ndi mipando.

Pamene ankathira madzi atsopano, anaona dzanja lina likugwira fanulo. Mphunzitsi anali atatsimphina kuchoka pakhonde.

"Ukapsanso usandinene," anatero Sipanala.

"Injini ndi yozizira. Ndinaphunzira."

Anapendeketsa njinga uku ndi uku, akufinya mapaipi mpaka thovu lomaliza linatuluka. Kenaka anamangirira pampu ya bambo ake pakhosi pa rediyeta n'kupopa. Onse anayang'ana kamuvi kake. Mphindi imodzi, ziwiri, zisanu. Sikanatsike ngakhale pang'ono. Pansi pa njinga panali pouma.

Atailiza, Nkhalamba inayankha kamodzi n'kamodzi. Inaguguda mofatsa, kamuvi ka kutentha kakukwera pang'onopang'ono mpaka pakati. Kenaka fani inayamba kulira yokha, ndipo kamuviko kanabwerera. Kumpanda kunamveka kuwomba m'manja.

Mphunzitsi anagwira dzanja la Sipanala, lakuda ndi girisi momwemo, n'kutembenukira khonde.

"Mayi, ndakhala ndikuzengereza, ndipo kuzengereza kwangako ndi kumene kwandiotcha. Mkazi amene ndikufuna ndi uyu. Si Dona, si wina aliyense. Madzi a m'manja mwake mukawakana, ndizimwa ndekha."

Mawu ake ananjenjemera, koma anafika kumapeto. Sipanala anafinya dzanja la mphunzitsiyo mwamphamvu, osasamala kuti akudetsa malaya oyera.

Mayi aja sanakalipe. Anadzuka mwakachetechete n'kulowa m'nyumba. Atatuluka anali ndi envelopu yakhaki m'manja, ndipo nkhope yawo inali itasalala modabwitsa.

"Ntchito umaidziwa, mtsikana iwe. Pamenepo ndagonja, ndipo anthu onsewa amva. Ndikuthokozanso, chifukwa msewu umene njingayi ikuyenda Lolemba ndi wautali."

Sipanala anayang'ana mphunzitsi. Dzanja lija linafooka m'dzanja lake.

"Sanakuuze?" anapitiriza mayiwo akutambasula pepala. "Amusamutsa. Sukulu yake yatsopano ili ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kuno. Ndinachita kukagwada ndekha kwa akuluakulu ake kuti mwana wanga asinthe mphepo. Kalata inabwera sabata yatha, ndipo iye anasaina ndi dzanja lomwe wagwiralo. Usade nkhawa kuti akasowa womuchapira bala. Azakhali ake a Dona amakhala komweko, ndipo Dona akukatsegula saluni ina mwezi uno."

Fani inasiya kulira. Kunangotsala kuguguda kwa injini, kosalala, kopanda chilema.

"N'zoona?" anafunsa Sipanala.

"Ndikanakana akanandichotsa ntchito. Ndimafuna ndikuuze, koma ndimadikira nthawi yabwino..."

"Sabata yonse? Tinaweramira ketulo limodzi Lachiwiri, kalata ili m'thumba mwako?"

Mphunzitsi anayang'ana bandeji yake.

Sipanala anachotsa dzanja lake. Anatola zida zake chimodzichimodzi, n'kutseka bokosi, n'kulimangirira kumbuyo kwa Nkhalamba. Kenaka anakweza mwendo n'kukhala pachishalo.

"Ukutani iwe?" anakuwa mayi aja. "Tsika! Njinga ya malemu mwamuna wanga imeneyo!"

"Njinga imene yangokonzedwa siichoka m'manja mwa makaniko asanaiyese pamsewu, mayi. Ndikaiyesa ikagona kugalaja." Anatembenukira mphunzitsi, maso ali gwa. "Amene akuifuna Lolemba lisanafike abwere yekha, ndipo abwere ndi pakamwa pake, osati pa mayi ake."

Anaponda giya n'kutuluka pageti. Pagalasi anaona mphunzitsi akutsimphina kumutsatira, mayi ake atamugwira malaya kumbuyo, kalata ija ikupepeluka m'dzanja lawo lina.